Kodi mapulogalamu awiri angatsutsane ndi kunenererana okha?

Funso: Ndili m'chaka chomaliza cha maphunziro a makompyuta, ndipo pa ntchito yanga yotsiriza ndikufuna kupanga mapulogalamu awiri oti azikambirana okha za malonda, ina m'malo mwa wogula, ina m'malo mwa wogulitsa. Aphunzitsi anga akuti ndiyambe ndawerenga ndondomeko zolembedwa mwamasamu zoyendetsera zokambirana zotere, komanso akuti ndisiyanitse kukopana ndi kunenererana. Ine ndikuona ngati kumeneku ndi kutaya nthawi, popeza masiku ano kuli mapulogalamu monga ChatGPT amene amalankhula bwino kuposa anthu ambiri. Bwanji osangowakhazika awiri n'kuwasiya azicheza mpaka agwirizane?

Yankho: Aphunzitsi anu akukulozerani njira yoyenera, ngakhale kuti funso lanu lili ndi mutu ndithu. Vuto lagona pa mawu anu omaliza aja akuti "mpaka agwirizane". Mapulogalamu awiriwo akacheza kwa kanthawi, kenaka ina n'kulemba kuti zonse zili bwino, inu mudzadziwa bwanji chimene chagwirizanidwa, amene walonjeza ndi chimene walonjeza, ndiponso ngati lonjezo limene linaperekedwa koyambirira lidakalipo kapena linabwezedwa pakati pa machezawo? Pulogalamu yochita zinthu m'malo mwa munthu, imene m'mabuku mudzaipeza ikutchedwa agent ndipo ine pano ndiziitchula kuti nthumwi, imafanana ndi ankhoswe pa nkhani ya ukwati. Ankhoswe sasankhidwa chifukwa chodziwa kulankhula kokha. Amasankhidwa chifukwa chakuti zimene anena pamaso pa anthu zimamanga banja lonse limene lawatuma, ndipo mawa aliyense amene analipo angathe kuwakumbutsa mawu awo. Ndondomeko zimene mwauzidwa kuwerengazo zinalembedwa kuti mawu a nthumwi akhale ndi kulemera kotereku.

Ganizo limene lili pansi pa ntchito yonseyi linachokera kwa Charles Hamblin, katswiri wa nzeru zakuya wa ku University of New South Wales mumzinda wa Sydney, amenenso anali mmodzi wa anthu oyamba kugwira ntchito ndi makompyuta ku Australia. M'buku lake la 1970 lonena za mfundo zosokeretsa, iye anati kuti timvetse mtsutso tiziuona ngati masewera okhala ndi malamulo, ndipo wosewera aliyense akhale ndi kaundula wake wa zimene wavomereza pagulu. Ukanena chinthu, chimalembedwa mu kaundula wako. Ukavomera mfundo ya mnzako, nayonso imalowa momwemo. Ukabweza mawu, amafufutidwa, ngati malamulo akulola. Kaundulayo aliyense amamuona, ndipo sanena zimene uli nazo mumtima, amangonena zimene wadziika pamsana kuti udzaziteteza ukafunsidwa. Kusiyana kumeneku n'kofunika kwambiri kwa inu amene mukulemba mapulogalamu, chifukwa nthumwi ya wogulitsa, imene inalembedwa ndi kampani ina, simungaitsegule kuti muone ngati ikukhulupirira zimene ikunena, koma mungathe kuona ngati zimene yanena pa sitepe yachisanu ndi chiwiri zikutsutsana ndi zimene inavomera pa sitepe yachitatu. Mu 1979 Jim Mackenzie anawonjezera pa ntchito ya Hamblin polemba masewera amene amaletsa munthu kutsimikizira mfundo pogwiritsa ntchito mfundo yomweyo imene ikukayikiridwa, ndiponso amene amapatsa wotsutsa ufulu wouza mnzake kuti wanena zinthu ziwiri zosagwirizana, asankhepo chimodzi.

Tsono kusiyanitsa kumene aphunzitsi anu akukufunsani kunafotokozedwa bwino mu 1995 ndi Douglas Walton wa ku Canada ndi Erik Krabbe wa ku Groningen, m'dziko la Netherlands. Iwo anagawa zokambirana m'mitundu 6, potengera pomwe okambiranawo akuyambira ndi chimene akufuna kufikira: kukopana, kunenererana, kufufuza limodzi chinthu chimene onse sakuchidziwa, kufunsa kwa amene akudziwa, kupangana chochita, ndi mkangano weniweni umene cholinga chake ndi kungopwetekana ndi mawu. Inu mukufunika iwiri yoyambayo. Kukopana kumayamba pamene awiri asiyana maganizo pa funso lakuti chinthu china n'choona kapena ayi, ndipo kumatha pamene mmodzi wavomera mfundo ya mnzake kapena wabweza yake. Kunenererana kumayamba pamene awiri akufuna zinthu zimene sizingatheke zonse pamodzi, monga wogula kufuna mtengo wotsika pamene wogulitsa akufuna wokwera, ndipo kumatha ndi mgwirizano umene aliyense angaulandire, kapena ndi kusiyana popanda malonda. Pa kunenererana palibe amene amakhala wolondola. Mayi wogulitsa nsomba akanena mtengo, wogula n'kutchula wake, palibe mwa iwo amene wanama, ndipo kukumana pakati ndi mapeto abwino. Pa kukopana, kukumana pakati nthawi zambiri n'kopanda nzeru: wina akati mlatho ungasenze matani 30, mnzake n'kuti ungasenze matani 10 okha, kugwirizana kuti ungasenze matani 20 ndi njira yogwetsera lole mumtsinje. Walton ndi Krabbe anachenjeza za kutsetsereka kotereku, pamene zokambirana zinayamba ngati kufuna choona koma mwakachetechete n'kusanduka kusinthana kwa "ndivomere ichi, iwe uvomere icho". Anthu timachita zimenezi kawirikawiri osazindikira, ndipo pulogalamu imene inaphunzira kulankhula kuchokera ku zolemba za anthu imatengera khalidwe lomweli. Ndondomeko yabwino imalemba poyera kuti tsopano tili mu mtundu uti wa zokambirana, ndi kuti mawu ati ndi ololedwa mu mtundu umenewo.

Ndondomeko iliyonse yotere imakhala ndi zigawo zofanana, monga anazifotokozera Peter McBurney ndi Simon Parsons kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000: mmene zokambirana ziyambire, mndandanda wa mawu ololedwa, lamulo lakuti mawu ati angatsate ati, mmene mawu aliwonse amasinthira kaundula, ndi mmene zokambirana zithere. Pa kukopana, mndandandawo ndi waufupi modabwitsa. Henry Prakken wa ku Utrecht, ku Netherlands komweko, amagwiritsa ntchito mawu asanu okha: kunena mfundo, kufunsa chifukwa chake, kupereka chifukwa, kuvomera, ndi kubweza mawu.

Kuti muone mmene zimenezi zimagwirira ntchito, tiyeni tipange chitsanzo chathu. Nthumwi ya kampani yomanga ikugula simenti, ndipo nthumwi ya wogulitsa yapereka mtengo wotsika ngati katundu yense atatumizidwa ulendo umodzi pa lole yaikulu ya matani 30.

Wogula: Ndikukana.
Wogulitsa: Chifukwa chiyani mukukana?
Wogula: Lole imeneyo singafike pamalo omanga.
Wogulitsa: Chifukwa chiyani singafike?
Wogula: Chifukwa mlatho wa panjira umasenza matani 10 okha, ndipo palibe njira ina.
Wogulitsa: Ndikuvomera kuti palibe njira ina. Mlathowo umasenza matani 40, chifukwa unamangidwanso chaka chatha ndipo chikalata cha oyang'anira misewu chikutero.
Wogula: Ndikubweza mawu akuti mlatho umasenza matani 10 okha. Ndikubwezanso akuti lole singafike.
Wogulitsa: Ndikuperekanso mtengo womwe uja.

Taonani zimene zachitika m'makaundula. Pamene wogula anati lole singafike, mawuwo analowa mu kaundula wake, ndipo funso lakuti "chifukwa chiyani" linamuika pakati pa zinthu ziwiri zokha: apereke chifukwa kapena abweze mawu. Sakanaloledwa kungosintha nkhani n'kuyamba kudandaula za mtengo wa mafuta. Wogulitsa naye, povomera kuti palibe njira ina, anadzimanga yekha, moti wogula akanabweretsa umboni wakuti mlatho watsopanowo unakokoloka ndi madzi, wogulitsa sakanatha kuthawira ku nkhani ya msewu wina popanda kubweza kaye mawu ake pamaso pa onse. Taonaninso kuti zokambiranazi zinayamba ngati kunenererana, zinalowa mu kukopana pa funso lachiwiri, ndipo zinabwerera ku kunenererana pamene funso la mlatho linatha. Jelle van Veenen ndi Prakken analemba ndondomeko ya mtundu womwewu, yolola nthumwi kufunsa chifukwa cha kukana, kutsutsana pa chifukwacho, kenaka n'kubwerera ku malonda.

Koma ndani amene wapambana pamene zifukwa zachuluka, china chikutsutsa chinzake, chachitatu n'kutsutsa chachiwiricho? Yankho limene pafupifupi aliyense amayambirapo linaperekedwa mu 1995 ndi Phan Minh Dung, amene ankagwira ntchito ku Asian Institute of Technology m'dziko la Thailand. Iye anachita chinthu cholimba mtima: anataya zonse za m'kati mwa mfundo n'kusiya zinthu ziwiri zokha, mfundozo ngati timadontho, ndi mivi yosonyeza kuti iyi ikutsutsa iyo. Mfundo imene palibe choitsutsa imalandiridwa. Mfundo yotsutsidwa ndi mfundo yolandiridwa imagwa. Mfundo imene oitsutsa ake onse agwa imadzukanso n'kulandiridwa. Mu chitsanzo chathu, mfundo yakuti lole ingafike inatsutsidwa ndi ya matani 10, koma ya matani 10 inagwetsedwa ndi ya chikalata, ndipo chifukwa ya chikalata inalibe woitsutsa, yoyamba ija inadzuka. Povuta ndi pamene mfundo ziwiri zikutsutsana zokhazokha popanda yachitatu yoweruza. Pamenepo Dung anapereka njira zingapo, ina yosamala imene siilandira iliyonse mwa ziwirizo, ina yolola kusankha mbali imodzi bola kusankhako kusadzitsutse. Kwa nthumwi imene ikugwiritsa ntchito ndalama za munthu wina, ine ndimalangiza njira yosamalayo, chifukwa kulephera kugula n'kosavuta kukonza kuyerekeza ndi kugula molakwika.

Pali mavuto angapo amene mudzakumana nawo mukangoyamba kulemba pulogalamu yanu, ndipo ndi bwino muwadziwiretu. Loyamba ndi la mwana wofunsa "chifukwa chiyani" pa yankho lililonse osatopa. Ngati malamulo alibe kanthu koletsa zimenezi, nthumwi yochenjera ingathe kupewa kugonja pongofunsa mpaka kalekale, choncho pamafunika malire, kapena mndandanda wa mfundo zimene onse awiri anavomereza asanayambe, kapena woweruza wachitatu amene amagamula kuti udindo wobweretsa umboni uli kwa yani. Lachiwiri ndi la kubweza mawu. Mukalola kubweza kulikonse nthawi iliyonse, palibe amene angagonje, chifukwa aliyense akaona kuti watsala pang'ono kugwidwa adzafufuta zimene ananena. Mukaletseratu, nthumwi siingaphunzire kanthu kwa inzake, ndiye kukopanako kulibenso phindu. Lachitatu ndi lakuti wopambana pa mtsutso si nthawi zonse amene ali ndi choona. Nthumwi ingathe kubisa mfundo imene ikudziwa kuti ingagwetse mbali yake, ndipo ngakhale dongosolo limene mfundo zatulukira lingasinthe mapeto, popeza chilichonse chimene wanena mnzako angathe kuchitola n'kukumenyera chomwecho. Parsons, Michael Wooldridge ndi Leila Amgoud anasonyeza kuti zotsatira zimadaliranso khalidwe limene nthumwi yapatsidwa: ina imanena chilichonse chimene ili ndi chifukwa chochinenera, ina imanena chokhacho chimene yaona kuti palibe mfundo yamphamvu yochitsutsa, ndipo pa kulandira mfundo za ena palinso yongomeza ndi yokayikira.

Mbali ya kunenererana inakula payokha, m'manja mwa akatswiri a zachuma, kalekale makompyuta asanayambe kulankhulana. Mu 1930 Frederik Zeuthen wa ku Denmark, polingalira za mikangano ya malipiro pakati pa mabwana ndi antchito, anafunsa funso losavuta: pa sitepe iliyonse, ndani ayenera kutsika? Yankho lake linali lakuti atsike amene ali ndi zambiri zoti ataye zokambirana zikasokonekera. Tiyerekeze kuti mtengo umene wogulitsa watchula ukumupatsa iye phindu la 8 ndipo wogula ukumupatsa 5, pamene mtengo umene wogula watchula ukumupatsa iye 10 ndipo wogulitsa ukumupatsa 6, ndipo akasiyana opanda malonda aliyense apeza 0. Wogulitsa akagonja ataya 2 pa 8, limene ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, pamene wogula akagonja ataya 5 pa 10, theka lenileni. Wogula ndiye ali ndi chifukwa chachikulu choumirira, ndipo wogulitsa, amene kugonja kukumutayitsa zochepa poyerekeza ndi kusiyana opanda malonda, ndiye ayenera kutsika, mokwanira kuti pa sitepe yotsatira udindo wotsika ugwere mnzake. Mukachulukitsa mapindu a mbali ziwirizo mudzapeza 40 pa mtengo wa wogulitsa ndi 60 pa mtengo wa wogula, ndipo si mwangozi kuti wotsika ndi mwini wa nambala yocheperayo. Mu 1956 John Harsanyi anasonyeza kuti njira ya Zeuthen imafikitsa pa yankho lomwe lija limene John Nash anapeza mu 1950, mgwirizano umene kuchulukitsa kwa mapindu kumakhala kwakukulu kuposa pena paliponse. Jeffrey Rosenschein ndi Gilad Zlotkin ndi amene anabweretsa zimenezi ku nthumwi za pakompyuta, makamaka m'buku lawo la 1994, pamodzi ndi lamulo lakuti pa sitepe iliyonse nthumwi ingaime pomwe ili kapena kutsika, koma osabwerera m'mbuyo, ndipo onse awiri akaima pa sitepe imodzi zokambirana zatha popanda mgwirizano.

Ariel Rubinstein mu 1982 anawonjezera nthawi. Awiri akusinthana kutchula mtengo, koma kuchedwa kulikonse kumachepetsa phindu, monga mmene tomato amafotera pa benchi dzuwa likamakwera. Iye anasonyeza kuti ngati aliyense akudziwa zonse za mnzake, mgwirizano umachitika pa kutchula koyamba komwe, ndipo woleza mtima ndiye amapeza zambiri. Ngati kuchedwa kulikonse kukusiyira aliyense magawo 90 pa 100 a phindu lake, woyamba kutchula amatenga pafupifupi magawo 53 pa 100. Masamu amenewa ndi okongola, koma mawu akuti "ngati aliyense akudziwa zonse za mnzake" ndiwo amawalepheretsa kutuluka m'kalasi, chifukwa wogulitsa weniweni sauza munthu mtengo wake womaliza. N'chifukwa chake nthumwi zimene zimapikisana pa mpikisano wa ANAC, umene unayamba mu 2010 pogwiritsa ntchito pulogalamu ya GENIUS yochokera ku yunivesite ya Delft ku Netherlands, zimathera mphamvu zambiri pa kuyerekeza zofuna za mnzake potengera mitengo imene wakhala akutchula, ndi pa kusankha liwiro lotsikira nthawi ikamatha.

Chofooka cha njira zonsezi ndi chakuti nthumwi zimangoponyerana manambala ngati anthu awiri osamvana chinenero. Zimatha kunena "inde", "ayi" ndi mtengo wina, basi, ndipo zofuna za aliyense zimatengedwa ngati zosasinthika. Katia Sycara, amene m'zaka za m'ma 1980 analemba pulogalamu yotchedwa PERSUADER yoyanjanitsa mabwana ndi mabungwe a antchito, anaona kuti oyanjanitsa enieni amasintha zofuna za anthu powapatsa zifukwa. Mu 1998 iye pamodzi ndi Sarit Kraus ndi Amir Evenchik analemba mwamasamu mitundu ya zifukwa zimene nthumwi ingapereke ponenerera, kuphatikizapo kuopseza, kulonjeza mphotho, kukumbutsa lonjezo lakale ndi kusonyeza mnzako kuti chinthucho chimupindulira iye mwini. Chaka chomwecho Parsons, Carles Sierra ndi Nick Jennings anapereka chitsanzo chimene chimatchulidwabe mpaka lero. Nthumwi imodzi ikufuna kupachika chithunzi pakhoma, ili ndi hamala, sikuluu ndi chomangira sikuluu, koma ilibe msomali. Inayo ikufuna kupachika kalilole, ndipo ili ndi msomali umodzi wokha. Yoyamba ikapempha msomali, yachiwiri imakana, ndipo kukanakhala kungoponyerana mitengo nkhani ikanathera pomwepo. Koma chifukwa wokanayo amanena kuti msomaliwo akuufunira kalilole, wopemphayo amapeza mpata womuuza kuti kalilole angapachikidwe ndi sikuluu, imene iye ali nayo ndipo alibe nayo ntchito. Onse awiri amapachika zawo. Mgwirizano umenewu sukanapezeka ndi masamu a Zeuthen, chifukwa sunali pa mndandanda wa zotheka kufikira pamene nthumwi imodzi inaphunzitsa inzake chinthu chimene sinkachidziwa. Dziwani, komabe, kuti kupereka chifukwa kuli ndi mtengo wake. Wogula amene waulula kuti akufuna simenti Lachisanu chifukwa amisiri akuyamba Loweruka wapatsa wogulitsa chingwe chomukokera, ndipo ndondomeko siingakuuzeni nthawi yoyenera kuulula, imangokuuzani kuti kuulula n'kololedwa. Chololedwa chimalembedwa mu ndondomeko imene onse amaiona, pamene chanzeru chimakhala m'machenjera a nthumwi iliyonse, ndipo muyenera kuzilemba padera ziwirizi.

Mwina mudzakumananso ndi zinenero zakale za nthumwi, KQML ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ndi ya bungwe la FIPA, limene linakhazikitsidwa ku Geneva mu 1996 ndipo linalowa pansi pa IEEE, bungwe lalikulu la akatswiri a zamagetsi ndi makompyuta, mu 2005. Chinenero cha FIPA chili ndi mitundu 22 ya mauthenga, ndipo tanthauzo la uliwonse linafotokozedwa potengera zimene wotumiza akukhulupirira ndi kufuna. Mwachitsanzo, nthumwi imayenera kudziwitsa inzake chinthu pokhapokha ngati iyo ikuchikhulupirira. Munindar Singh mu 1998, komanso Wooldridge pa nthawi yomweyo, anafunsa kuti ndani angatsimikize kuti lamulo limeneli latsatidwa, popeza palibe amene amaona m'kati mwa pulogalamu ya mwini wake. Lamulo losatheka kuliyesa silimanga munthu pa msika umene aliyense akufuna phindu lake, ndipo apa ofufuza ambiri anabwerera ku kaundula wa Hamblin.

Tsopano ku mapulogalamu amakono amene mukuwadalirawo. Mu 2017 ofufuza a ku Facebook anaphunzitsa nthumwi kugawana mabuku, zipewa ndi mipira pokambirana m'Chingerezi, aliyense ali ndi mtengo wake wachinsinsi pa chinthu chilichonse. Zinthu ziwiri zinaoneka. Nthumwizo zinaphunzira zokha kunamizira kufuna chinthu chopanda phindu kwa izo kuti pambuyo pake zizioneka ngati zagonja pochisiya, ndipo pamene zinasiyidwa kuphunzira pokambirana zokhazokha, popanda mphotho ya kulankhula zomveka kwa anthu, chinenero chawo chinapotoka n'kukhala mawu obwerezabwereza. Nyuzipepala zinakokomeza nkhaniyi ngati kuti makina apangana chiwembu, pamene chenicheni chinali chakuti panalibe lamulo lomanga tanthauzo la mawu. Mu 2022 kampani yomweyo, itasintha dzina kukhala Meta, inatulutsa Cicero, imene inasewera bwino ndi anthu pa intaneti masewera a Diplomacy, amene osewera amapangana migwirizano polimbirana madera, koma chimene ambiri saona ndi chakuti mbali yolankhula ya Cicero inkatsogoleredwa ndi mbali ina yokonza mapulani, imene inkasankha kaye cholinga mawu asanalembedwe. Nkhani ya kampani ya ndege ya Air Canada ndiyo imasonyeza bwino kulemera kwa mawu, ngakhale kuti pamenepo pulogalamu inkalankhula ndi munthu. Pulogalamu yoyankha makasitomala ya kampaniyo inauza munthu wopita kumaliro kuti angathe kupempha kuchotseredwa mtengo atayenda kale, zimene zinali zosemphana ndi malamulo a kampani. Mu February 2024 bwalo loweruza milandu ing'onoing'ono la ku British Columbia linakana mfundo yakuti pulogalamuyo ili ndi udindo pa zonena zake payokha, ndipo linalamula kampaniyo kulipira madola a ku Canada opitirira pang'ono 800. Mwini nthumwi anakakamizidwa kusunga mawu amene iye sanawaone akulembedwa. Nthumwi ziwiri zotere zikamakambirana mazana a mapangano pa tsiku popanda munthu woyang'ana, funso lakuti ndani walonjeza chiyani limasanduka funso la ndalama zenizeni.

Malangizo anga pa ntchito yanu ndi akuti musasankhe pakati pa njira yakale ndi yatsopano, koma mugawe ntchito. Pulogalamu yodziwa kulankhulayo ikhale pakamwa ndi khutu, yosandutsa chiganizo cha munthu kukhala limodzi la mawu ololedwa aja, ndi kusandutsa yankho kukhala chiganizo chomveka. Kaundula, lamulo la mawu oyenera kutsata, mtengo womaliza umene nthumwi siyenera kuudutsa, ndi chigamulo chakuti mgwirizano wachitika, zonsezi zikhale mu pulogalamu wamba imene inu mwalemba ndipo mungathe kuiyesa mzere ndi mzere. Yambani ndi zochepa: mawu anayi a kunenererana, amene ndi kupereka, kulandira, kukana ndi kuchoka, kuwonjezerapo funso la chifukwa cha kukana, ndi mawu asanu a kukopana. Mukatero yesani zinthu zitatu: ngati zokambirana zimatha nthawi zonse, ngati nthumwi ingathe kunena zotsutsana osagwidwa, ndi ngati kulola zifukwa kukubweretsa mapangano amene kuponyerana mitengo kokha kunalephera kuwapeza.

Malo amene mudzavutike kwambiri ndi pa mpata wa pakati pa chiganizo ndi mawu ololedwa, makamaka mukafuna kuti nthumwi zanu zidzalankhulenso ndi anthu m'Chichewa. Wogula akayankha kuti "chabwino", kodi walandira mtengo, wavomera mfundo ya mlatho yokha, kapena akungosonyeza kuti wamva? Akati "tiona", pa chikhalidwe chathu nthawi zambiri wakana mwaulemu, koma pulogalamu yomasulira mawu monga alili idzalemba kuti nkhani idakali yotseguka n'kumadikira. Ndondomeko yanu ikhale ndi lamulo lakuti mawu olowa mu kaundula ngati kulandira kapena kuvomera asalembedwe mongoganizira. Nthumwi ibwereze mgwirizano wonse, mtengo, kuchuluka kwa matumba ndi tsiku lofika, kenaka ifunse mwachindunji ngati mnzakeyo akulandira zimenezo, ndipo kaundula asinthe pokhapokha yankho la funso limenelo litabwera.